Kachiwanda ka Ajeremani kali ndi mgodi ku Chililabombwe, nanga ilomba wathu?

Umodzi mwa miyala imene anyamata amasakasaka pa Black Mountain ku Wusakile, phiri lija linagumuka ndi kupha anthu osachepera 10 mu June 2018, uli ndi dzina la kachiwanda. Ndikunena cobalt, yemweyo ali mu batire ya foni imene mukuwerengerapo nkhani ino. Zaka mazana angapo zapitazo, okumba migodi ku Germany anali kupeza mwala wooneka ngati uli ndi siliva. Akauika pamoto, siliva osaoneka, kumangotuluka utsi wapoizoni umene unali kuwadwalitsa. Iwo anati ndi ntchito ya kobold, kamzimu kankhanza ka pansi pa nthaka kamene kamaba mwala wabwino ndi kusiya woipa. Pamene Georg Brandt wa ku Sweden anapeza cha m'ma 1735 kuti mumwalamo muli chitsulo chimene anthu sanali kuchidziwa, dzina la kachiwandako linakakamira pomwepo.

Lero kobold ali m'buku la sayansi la mwana wa sekondale. Ali m'masewera a Dungeons & Dragons kuyambira 1974. Ali ndi kampani ya ku America yotchedwa KoBold Metals, imene ikukonza mgodi wa mkuwa wa Mingomba ku Chililabombwe. Sindinamvepo munthu akuti dzinali lipemphereredwe. Koma yesani kujambula ilomba pa T-sheti ndi kudutsa nayo pa maliketi ya Nakadoli muno mu Chimwemwe, muone ngati mudzafika kunyumba musanatchedwe wa Satana.

Kwa amene simunawaonepo masewerawa: ndi nthano yosewera pagulu. Anthu anayi kapena asanu akhala patebulo, aliyense ali ndi munthu wake wa m'nkhani. Mmodzi ndiye wofotokoza. Iye amanena kumene muli ndi chimene chakutulukirani, inu mumanena chimene muchita, ndipo dayisi ndiye amagamula ngati zatheka kapena zalephereka. Palibe ndalama, si njuga. Anayambitsa ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson ku America, ndipo mu 1977 kampani ya TSR inatulutsa Monster Manual, buku la zilombo zoposa 350, chilichonse ndi mphamvu zake zolembedwa m'manambala. Zilombo zambiri zimene mumapha m'masewera a pafoni ndi a pakompyuta lero ndi zidzukulu za buku limeneli.

Nanga zilombozo anazitenga kuti? Anatola paliponse, ngati nkhuku pa mtondo. Ghoul ndi wa nthano za Aarabu. Golem ndi wa Ayuda, chimunthu chadothi cha mzinda wa Prague. Rakshasa ndi wa ku India. Zombie anadzera ku Haiti, kumene anthu ogwidwa ukapolo kuchoka ku Africa anali kuopa kuti ngakhale imfa siingawamasule ku ntchito ya m'minda ya nzimbe. Troll amene mabala ake amadzipolera okha anachokera m'buku la Poul Anderson la 1961. Zina sizinachokere m'nthano konse: owlbear, bulette ndi rust monster zinabadwa kuchokera ku tizidole tapulasitiki totchipa topangidwa ku Hong Kong, timene Gygax anali kugwiritsa ntchito patebulo.

Pa onse amene anatoleredwa, amene anadandaula ndi kumvedwa msanga ndi omwe anali ndi maloya. Mu 1977 kampani yosunga ufulu wa malonda wa nkhani za J.R.R. Tolkien inaopseza TSR ndi khoti, ndipo hobbit anasanduka halfling, ent anasanduka treant. Aarabu, Ahindu ndi anthu a ku Haiti sanafunsidwe kanthu.

Ife nafenso tilimo, ngakhale mosadziwika nkhope. Mu Monster Manual muli catoblepas, chinyama cha m'madambo cha khosi lalitali chimene chikakuyang'ana umafa. Mmodzi mwa amene anachilemba kalekale ndi Mroma Pliny, amene anamwalira mu 79, ndipo anati chimakhala ku Ethiopia, mutu wake ndi wolemera kotero kuti chimangoyang'ana pansi. Katswiri wa zanyama Georges Cuvier anaganiza kuti Pliny anangomva mbiri ya nyumbu. Inde, nyumbu yomweyi ya ku Luangwa ndi ku Liuwa. Inapita ku Roma ngati mphekesera, inagona m'mabuku zaka pafupifupi 1,900, inatulukira ku Wisconsin ili chilombo chakupha ndi maso.

Chitsanzo chopweteka kwambiri ndi kongamato. Frank Melland, bwanamkubwa wa atsamunda pakati pa Akaonde, analemba mu 1923 m'buku lake In Witch-Bound Africa za chouluka chofiira, chamano, chamapiko opanda nthenga, cha m'madambo a Jiwundu ku chigawo cha kumpoto chakumadzulo. Dzinalo limanena za kuphwanya kapena kugubuduza mabwato, ndipo anthu anali kunyamula mankhwala odzitetezera powoloka mitsinje ina. Melland anawaonetsa chithunzi cha pterodactyl, chouluka cha makedzana chimene chinatha kalekale, nalemba kuti anachizindikira. Kuyambira pomwepo kongamato anasiya kukhala nkhani ya madzi osefukira ndi mantha a wopalasa bwato, anasanduka dayinaso wa alendo. Mu 2011 kampani ya Paizo inamuika mu Bestiary 3 ya masewera a Pathfinder ali chinjoka chachikulu chamapiko. Dzina ndi lathu, koma mtsinje, powolokera ndi mankhwala aja zinatsala m'njira. Ndipo mu 2002 Atlas Games inatulutsa buku lathunthu lotchedwa Nyambe: African Adventures. Nyambe ndi dzina limene Alozi amatchulira Mulungu.

Apa wina ayembekeza kuti ndiyambe kulira kuti azungu atibera. Ayi. Nthano si mbuzi, akaitenga wina yako siichoka m'khola. Ena mwa makampaniwa aphunzirako: buku la Paizo la 2021 lonena za Mwangi Expanse linalembedwa ndi olemba akuda ambiri, atamva madandaulo a momwe Africa inali kuonekera ngati thengo la anthu olusa. Mkangano wanga uli ndi ife eni, ndipo ndi wa mbali ziwiri.

Mbali yoyamba ndi ya amene amaika zonse m'thumba limodzi lolembedwa kuti ziwanda. Mwana aonera Thor, mulungu wa bingu amene anthu a ku Scandinavia anali kumupembedza zenizeni ndi kumuphera nsembe, makolo ati ndi filimu chabe. Mwana yemweyo afunse ambuye ake za chitapo, ayamba kumusanjika manja. Mzimu wachilendo ndi zosangalatsa, wakwathu ndi usatana. Zotsatira zake ndi m'badwo wa pa Kopala umene ungakuuze mayina a zilombo makumi awiri za mu anime, koma sudziwa kuti ulendo wa ola limodzi kuchoka pa Kitwe pali tauni imene inatsala pang'ono kulephera kumangidwa chifukwa cha njoka.

Ndikunena Luanshya. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, pamene mgodi wa Roan Antelope unali kutsegulidwa, antchito anali kufa ndi malungo ndi matenda ena mochuluka kwambiri. Alamba, eni nthaka, anali kudziwa kuti mumtsinje wa Luanshya muli njoka yaikulu, nsanguni, imene imabweretsa madzi osefukira ndi imfa. Mbiri inafika kutali, anthu anayamba kuthawa ntchito, ena kukana kubwera. Eni mgodi, ndi maphunziro awo onse, anaitana J.E. Stephenson, uja Alamba ndi Alala anamutcha Chirupula, amene anakhazikitsa boma la Ndola mu 1904, kuti pamodzi ndi akuluakulu a Alamba achite mwambo wochotsa njokayo. Posakhalitsa anaitananso dokotala Malcolm Watson wa ku Ross Institute ku London. Njira yake inali kuumitsa madambo, kuchotsa udzu m'mphepete mwa madzi ndi kuwongola mtsinje kuti udzudzu usaswane, ndipo imfa zinatsika kwambiri m'zaka zochepa.

Onani bwino chimene chinachitika apa. Alamba anati imfa ili m'madzi a mtsinje wokhotakhota uja. Dokotala anati imfa ili m'madzi a mtsinje wokhotakhota uja. Wina anaitcha njoka, wina anaitcha udzudzu, ndipo mankhwala ake anali kuthyola msana wa mtsinje kuti uleke kuzyolika ngati njoka. Sindikuti njokayo inaliko. Ndikuti nthanoyo inaloza pamalo oyenera, monga momwe kobold analozera pa utsi wapoizoni asayansi asanaupatse dzina. Ajeremani anasunga chilombo chawo ndi kuchipatsa ntchito zatsopano. Ife chathu tinachichitira manyazi. Pa 18 February 2025, damu la zotsalira za mgodi ku Chambishi linaphulika, asidi analowa mu Mwambashi ndi mu Kafue, nsomba zinayandama zakufa, ndipo Kitwe inatsekeredwa madzi. Anthu amene ali ndi nthano ya njoka yobwezera amene awononga mtsinje ali ndi chilankhulo chokambira tsiku ngati limenelo. Ife tinangotsala ndi mawu a m'malipoti.

Mbali yachiwiri ya mkangano wanga ndi ya anzanga okonda masewera, aja amati vuto latha tikangotenga ilomba, kumupatsa manambala a moyo ndi mano akuthwa, basi tamuika pamzere ndi dragoni. Kumeneko ndi kuchita zomwe zinachitikira kongamato, kusiyana kwake n'kwakuti wachita ndi mwana wa m'nyumba.

Zilombo zambiri za mu Monster Manual zili ndi ntchito imodzi: kuima pakhomo pa chuma kuti uziphe ndi kutenga golide. Zathu sizili choncho. Ilomba, monga amamufotokozera Alamba, Akaonde ndi ena, ndi njoka yopangidwa ndi mankhwala pamodzi ndi magazi a mwini wake. Imakula ndi nkhope ya mwiniyo. Imamupatsa mphamvu ndi chuma, koma imafuna kudya anthu, ndipo njala yake siitha, mpaka iyamba kupempha a m'banja. Mwini sangaisiye, chifukwa ikafa iyenso amafa. Tsopano ikani zimenezi patebulo. Osewera apeza njoka m'dambo, malupanga ali m'manja, itukula mutu, nkhope ndi ya amalume amene anawalipirira sukulu. Muchita chiyani? Palibe nambala ya pa dayisi imene ingakuyankhireni. Ilomba ndi funso lokhudza chuma chimene chimadya abale, ndipo aliyense amene waonapo banja likutha chifukwa cha puloti kapena penshoni ya wa mumgodi amalidziwa funsolo.

Kapena tengani chilombo cha mu nyanja ya Kashiba ku Mpongwe, dziwe lakuya kwambiri lija lili pafupi ndi mishoni ya St Anthony. Amati ichitapa sichituluka m'madzi kudzakuluma. Chimagwira chithunzithunzi chako chikagwera pamadzi, iwe uuma thupi, kenako ugweramo wekha. Wosewera wanzeru aona msanga kuti lupanga lilibe ntchito, chofunika ndi kudziwa kumene dzuwa lili. Ufika masana dzuwa lili paliwombo, kapena uima mbali imene chithunzithunzi chigwera kumtunda. Gygax akanamva zimenezi akanazilemba usiku womwewo.

Ife a makolo a ku Chipata, Katete, Petauke ndi kutsidya kwa Mchinji, obadwira pa Kopala, tili ndi madengu awiri. M'dengu la Chinyanja muli Chiruwi, amene David Clement Scott anamulemba mu dikishonale yake ya Chimang'anja ya 1892: munthu wa diso limodzi, mkono umodzi, mwendo umodzi, mbali inayo ndi phula. Akakupeza m'nkhalango amafuna mugwetsane. Akakugwetsa, kwako kwatha. Ukamugwetsa, amakuonetsa mitengo ya mankhwala, ubwerera kumudzi uli sing'anga. Mphoto yake si golide, ndi nzeru zochiritsira anthu. Muli Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chikamasamuka kupita kunyanja chimagumula mapiri ndi kukokolola midzi, monga anthu ananenera za Zomba mu 1946 ndi Phalombe mu 1991. Napolo sumupha. Umawerenga zizindikiro ndi kusamutsa anthu nthawi isanathe.

Tsopano mawu olemera a otsutsa, ndipo sindiwapeputsa. Ati: nkhani zimenezi zimapha anthu. Ndi zoona. Mphekesera za opopera gasi m'nyumba zinayambira ku Chingola chakumapeto kwa 2019, ndipo pofika March 2020 anthu pafupifupi 50 anali ataphedwa ndi magulu a anthu okwiya m'dziko muno, ambiri ongoganiziridwa. Ku Malawi mu 2017 mbiri ya anamapopa inaphetsa anthu ku Mulanje ndi Phalombe mpaka bungwe la United Nations linachotsako antchito ake. Makolo athu anali ndi banyama m'zaka za m'ma 1930 mpaka 1950, mbiri yakuti pali anthu otumidwa ndi azungu kugwira anzawo ndi kuwapopa magazi. Nkhalamba zambiri zathamangitsidwa m'midzi chifukwa wina anati zili ndi ilomba. Ndiye n'kuikiranji zotere m'manja mwa ana?

Yankho langa ndi lakuti onani mmene nkhani yakupha imayendera. Imabwera ngati nyuzi. Imabwera pa WhatsApp ndi mawu akuti "zachitika manje manje ku Kwacha", ili ndi dzina la munthu weniweni ndi mtundu wa galimoto yake. Ilibe mpanda. Nthano ili ndi mpanda. Ambuye akati "Panangokhala", ife n'kuti "Tili tonse", kapena anzathu Abemba akati "Patile akantu", aliyense amadziwa kuti talowa m'bwalo lina, ndipo tidzatulukamo. Tebulo la masewera ndi mpanda womwewo, mwina wolimba kuposa, chifukwa mwana amaona ndi maso ake kuti chilombocho wachipanga ndi mnzake, pa pepala, ndi pensulo. Iye mwini mawa adzapanga chake. Amene anapangapo mphekesera yoopsa kuti asangalatse anzake anayi amazindikira msanga misoko yake akaiona pa Facebook.

Ndipo kukhala chete takuyesa kale. Lamulo loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti lilipo kuyambira 1914. Maguwa akhala akudzudzula zaka zoposa zana. Ilomba sanafe. Tinangomuchotsa pamoto wa madzulo, pamene anali kuphunzitsa, ndi kumusiya m'manong'onong'o, mmene amapha. Lamulo limodzi lokha ndi limene ndingaumirire patebulo lililonse: m'masewera musalowe dzina, nyumba kapena shopu ya munthu weniweni. Mwini ilomba akhale wopeka, wa m'mudzi wopeka.

Amene mukuti masewera a dayisi ndi khomo la Satana, dziwani kuti nyimboyo si yanu, munaibwereka. Ku America m'zaka za m'ma 1980 kunali chipwirikiti chomwechi. Patricia Pulling anayambitsa bungwe lolimbana ndi Dungeons & Dragons mu 1983, ndipo pofika 1989 TSR inachotsa mawu akuti devil ndi demon m'mabuku ake, kenako pambuyo pake inaika mayina opeka akuti baatezu ndi tanar'ri. Zilombo zinali zomwezo, mayina okha ndiwo anasintha. Ana aja anakula, ambiri ndi makolo opemphera, ndipo masewerawo akugulitsidwa kuposa kale.

Pali malire, ndipo ayenera kuikidwa ndi ife chifukwa wa ku Seattle sangawadziwe. Gule Wamkulu si Monster Manual. Inde, timati zilombo, koma Kasiyamaliro ndi Chadzunda ali ndi eni ake amoyo, ali ndi dambwe, ali ndi ntchito pamaliro ndi pachinamwali, amatuluka pa Kulamba ku Mkaika pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Chimodzimodzi Makishi a Aluvale ndi anzawo. UNESCO inazindikira miyambo iwiriyi mu 2005. Zimenezi suzipatsa manambala kuti anyamata azibaye ndi mikondo Loweruka masana. Chilombo cha m'nthano ndi china, cha mphekesera ndi china, cha mwambo wopatulika ndi chinanso. Ife tikapanda kulemba, wina adzalemba osadziwa kusiyana kumeneku, ndipo tidzalusa pa intaneti masiku atatu n'kuiwala.

Wina ati tilibe zipangizo, mabukuwo ndi a madola. Kuyambira January 2023, malamulo oyambira a Dungeons & Dragons anaikidwa poyera pansi pa chilolezo cha Creative Commons, kutanthauza kuti aliyense angawatenge, kuwamasulira ndi kumangapo zake, bola atchule kumene achokera. Ngakhale amenewo sofunika kwenikweni. Dayisi wa ludo, buku lolembamo ndi kandulo zikwana, ndipo madzulo opanda malaiti tili nawo ochuluka kuposa amene tinapempha. Luso lofotokoza silachilendo. Julius Chongo, mu pulogalamu yake ya Poceza m'Madzulo pa wailesi ya dziko lino m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, anali kusewera yekha mawu a anthu onse a m'nkhani, nkhalamba, mwana, fisi, mfumu, dziko lonse lili chete kumvetsera. Ntchito ya wofotokoza patebulo ndi yomweyo, kungoti omvera amaloledwa kuyankha ndi kusokoneza nkhani.

Zolembedwa ziliko. Clement Doke, amene anakhala pa mishoni ya Kafulafuta kuyambira 1914 mpaka 1921, anasonkhanitsa nthano, miyambi ndi zirapi za Alamba m'buku la Lamba Folk-Lore, limene linasindikizidwa ku New York mu 1927, ndipo mu 1931 anatulutsa The Lambas of Northern Rhodesia. Muwawerenge ndi diso limodzi lotseguka, chifukwa Doke, Melland ndi Scott anali amishoni ndi atsamunda, anamva zimene anafuna kumva. Kenako mupite nazo kwa ambuye anu kuti akonze. Musawafunse kuti chilombocho chinali chachikulu bwanji kapena chinali ndi mano angati. Afunseni kuti chinali kugwira anthu otani, pa nthawi yanji, atalakwa chiyani, ndi kuti amene anapulumuka anachita bwanji. Jambulani mawu awo pafoni, mulembe dzina la mudzi ndi la mtsinje, ndipo mukadzasewera Loweruka muwaitane akhale pafupi ndi tebulo, chifukwa adzakudulani pakamwa mukangolakwitsa.